Seva imene inkadwala makasitomala akachuluka

Amalume anga ali ndi sitolo ya mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda cha ku Down Shops kuno ku Chipata. Si yaikulu kwenikweni, koma ikafika November, alimi a ku Chadiza, ku Vubwi ndi ku Chipangali akayamba kutsika m'ma Canter ndi ndalama zimene anasunga atagulitsa soya, m'sitolomo mumasowa poponda. Kutsogolo kuli makompyuta atatu olipirira. Ku chipinda cha kumbuyo kuli yachinayi, imene imasunga mitengo, kuchuluka kwa katundu ndi malisiti onse, ndipo imeneyo ndiyo timaitchula kuti seva. Ndinalumikiza zonsezi ndine mu 2022, ndipo kwa zaka ziwiri sanandiitanepo usiku.

Mu November 2024 seva inayamba matenda. Wolipiritsa ali mkati molemba katundu, pulogalamu inkangouma, kenako n'kutulutsa uthenga woti seva sikupezeka. Pakapita mphindi imodzi, mwina zitatu, zonse zinkabwerera zokha, munthu osakhudza kalikonse. Tsiku lina kawiri, tsiku lina kakhumi. Lamlungu ndinkadzitsekera m'sitolomo ndekha kuti ndilione vutolo ndi maso anga, ndipo tsiku lonse linkatha osaonekera ngakhale kamodzi.

Aliyense anali ndi womuloza chala. Amalume m'mawa ankakalipira a kampani ya intaneti pa foni. Masana ankakalipira mtsikana wa pa kompyuta yachiwiri, ati amaonera mavidiyo pa Facebook n'kumaliza netiweki. Madzulo ankatembenukira kwa ine: "Mwana iwe, seva yako yatopa. Anthu akachuluka imalephera kusenza. Ndiuze mtengo wa yatsopano." Ndipo pa mfundo imodzi sankanama: vutolo linkakula ndithu sitolo ikadzaza.

Ulendo woyamba ndinapita ndi mtima wa munthu wodziwa kale. Nditatsegula pamene Windows imaonetsa liwiro la netiweki ya seva, ndinapeza 100 Mbps m'malo mwa 1 Gbps, kutanthauza kuti liwiro linali litatsika kakhumi. Ndinasekerera. Nthambo ya netiweki ili ndi mawaya asanu ndi atatu mkati mwake, opotana awiriawiri. Liwiro la 1 Gbps limafuna onse asanu ndi atatu, koma la 100 Mbps limayenda ndi anayi okha, a pa nambala 1, 2, 3 ndi 6. Ndiye waya wina akaduka, makina sadandaula, amangotsika okha pa 100 mwakachetechete. Ndinakwera m'siling'i ndi tochi ya pa foni, ndipo pamwamba pa pamene pamakhala matumba a mbewu ya chimanga ndinapeza nthambo itatafunidwa. Sitolo ya mbewu ndi makoswe ndi pachibale.

Ndinakoka nthambo yatsopano ya Cat6, pafupifupi mamita 30, kutali ndi malire a mamita 100 amene nthambo zotere siziyenera kupitirira. Apa ndipatukeko pang'ono: musanagule nthambo, dulani kachidutswa mupale waya mmodzi ndi mpeni. Mukaona mkati moyera ngati siliva, imeneyo ndi aluminiyamu yopakidwa kopa pamwamba, pa bokosi amalemba CCA, ndipo imathyoka msanga m'mapulagi. Ya kopa yeniyeni imakhala yofiira mpaka pakati.

Tsiku lomwelo ndinachitanso zina zitatu. Ndinasuntha seva kupita pa bowo lina la switch, kabokosi kamene nthambo za makompyuta onse zimakumanapo. Ndinalowa mu Device Manager n'kuletsa Windows kuzimitsa khadi ya netiweki pofuna kusunga magetsi. Ndinaikanso driver yatsopano, kapulogalamu koyendetsa khadiyo. Liwiro linakwera pa 1 Gbps, amalume anandigulira nsima ya nkhuku yachikuda, ndipo Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu panalibe kudandaula kulikonse. Ine ndinayamba kale kuwafotokozera anzanga za makoswe aja. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Lachinayi pa 09:00 foni inalira: "Bwera udzanyamule seva yako."

Nthambo ija inalidi yoonongeka ndipo inayenera kusinthidwa, koma sindiyo inkagwetsa seva. Choipa kwambiri n'chakuti ndinasintha zinthu zinayi nthawi imodzi, ndiye ngakhale vutolo likanatha, sindikanadziwa kuti lathetsedwa ndi chiti. Vuto lobwera n'kumapita lokha limakupatsa masiku abwino kwaulere, iwe n'kumaganiza kuti ndi nzeru zako.

Ulendo wachiwiri sindinanyamule zida. Ndinagula makope atatu a ana a sukulu n'kupatsa olipiritsa. Ndinawauza kuti ikauma alembe nthawi, ikabwerera alembenso nthawi, ndiponso chilichonse chimene chikuchitika m'sitolo pa mphindi imeneyo, ngakhale chooneka chopanda pake. Awiri analemba nthawi zokha. Mtsikana uja ankanenedwa za mavidiyo analemba zonse, mwina chifukwa ankafuna kudziyeretsa: "10:12, malaiti alipo, Canter ya ku Chadiza ikupakira." "11:40, jenereta, anthu asanu ndi awiri pa mzere." "14:20, kuwerengera matumba a Urea."

Pa kompyuta yake yomweyo ndinatsegula mawindo atatu akuda a Command Prompt. M'loyamba ndinalemba ping -t 192.168.1.1, imeneyo ndi rauta, kabokosi kobweretsa intaneti ndi Wi-Fi m'sitolo. M'lachiwiri ping -t 192.168.1.20, imeneyo ndi seva. M'lachitatu ping -t 8.8.8.8, adiresi ya Google imene ili kunja pa intaneti. Ping ndi kugogoda pakhomo: kompyuta imatumiza kauthenga kakang'ono sekondi iliyonse n'kudikira yankho, ndipo ka -t kamaiuza kuti isasiye mpaka mutadina Ctrl ndi C. Ngati seva yanu siyankha ping ngakhale zonse zili bwino, musathamangire kunena kuti yafa, chifukwa firewall ya Windows, mlonda wake wa pa netiweki, nthawi zambiri imatseka ping mpaka mutailola.

Mawindo atatuwa amagawa mlandu mwachangu. Onse atatu akafa pamodzi, vuto lili pafupi ndi inu: nthambo ya kompyuta imene mwakhalapo, switch, kapena magetsi a switch. Likafa la 8.8.8.8 lokha, pamenepo ndiye muimbire a intaneti. Likafa la seva lokha, yang'anani seva ndi njira yopita kwa iyo. Onse akamayankha bwino koma pulogalamu ili chiumire, netiweki ilibe mlandu. Kafufuzeni mkati mwa seva, mwina disk ikufa, mwina antivirus kapena backup imayamba ntchito masana.

Ndinakhala pa thumba la D Compound kuyambira 08:00. Pulogalamu inauma pa 10:31. Windo la rauta linkayankha bwinobwino. La Google linkayankhanso. Pomwepo a intaneti anapulumuka, ndipo kunena zoona pulogalamu yogulitsira ija sifuna n'komwe intaneti. Imalankhula ndi seva m'nyumba momwemo kudzera pa switch. Amalume anali atatha masabata awiri akukalipira anthu osalakwa.

Chimene chinandizunguza mutu ndi windo la seva. Ndinkayembekezera kuona Request timed out, koma seva inkayankha. Pulogalamu ikuti seva kulibe, ping ikuti seva ilipo. Ndinatsala pang'ono kutseka windolo n'kupita kukasegula seva, koma mtsikana uja analoza ndi cholembera.

"Achimwene, manambala a kumapetowa asintha. Poyamba sanali choncho."

Ndinayandikira. Mizere ya pamwamba inkati:

Reply from 192.168.1.20: bytes=32 time<1ms TTL=128

Ya m'munsi inkati:

Reply from 192.168.1.20: bytes=32 time=87ms TTL=64

Thupi linachita tsembwe. Kompyuta ya Windows ikamayankha ping m'netiweki imodzi, TTL yake, nambala ya kumapeto kwa mzereyo, imakhala 128. Makina a Linux, mafoni a Android ndi ma iPhone amayankha ndi 64. Ndipo chinthu cholumikizidwa ndi nthambo m'nyumba imodzi sichitenga 87ms kuti chiyankhe. Nthawi yotere, yodumphadumpha, ndi ya chinthu cha pa Wi-Fi. Amene ankayankha sanali seva. Panali wina amene ankavomera dzina lake.

Patapita mphindi ziwiri panabwera Request timed out kangapo, kenako TTL=128 n'kubwerera, pulogalamu n'kudzuka.

Kuti mumvetse chimene chinkachitika, chinthu chilichonse pa netiweki chili ndi mayina awiri. Adiresi ya IP, monga 192.168.1.20, ili ngati dzina loitanira. Adiresi ya MAC ili ngati nambala ya pa reji, ya chinthu chimodzi chokha. Kompyuta ya kutsogolo ikafuna seva imafuula kwa onse kuti, "Ndani ali 20?" ndipo amene wavomera amapereka MAC yake, kompyuta ija n'kuisunga kwa kanthawi. Kufuula kumeneku kumatchedwa ARP. Tsono taganizani mwaima pakati pa msika wa Kapata n'kuitana kuti "a Phiri!" Otembenuka sakhala mmodzi. M'sitolo ya amalume munali a Phiri awiri. Kompyuta ikamva yankho la seva, malonda ankayenda. Ikamva la winayo, inkatumiza malisiti kwa munthu wosadziwa n'komwe kuti D Compound n'chiyani. Winayo akachoka, kompyuta inkapitiriza kugogoda pakhomo pake kwa masekondi angapo mpaka itafunsanso, ndipo ndiwo ma Request timed out aja.

Kutsimikiza kwake n'kosavuta. Pa seva lembani ipconfig /all, mukopere pa pepala manambala a pa Physical Address. Pa kompyuta ya kutsogolo lembani arp -a pamene zinthu zili bwino, mulembenso pamene zauma, muyerekeze MAC imene ili pambali pa adiresi ya seva. Ine ndinadikira mpaka 11:05, ndipo ikuuma MAC inali ina. Kenako ndinatsegula Event Viewer pa seva, pamene Windows imalemba zimene zikuichitikira, ku Windows Logs, ku System, ndipo manyazi anandigwira. Munali mizere yambirimbiri ya Tcpip, nambala 4199, yonena kuti Windows yaona chinthu china chikugwiritsa ntchito adiresi yake, MAC ya chinthucho italembedwa pomwepo. Mzere woyamba unali wa kumapeto kwa October. Seva inakhala ikudandaula masabata onsewo, ine ndili m'siling'i kuthamangitsa makoswe.

Kupeza mwini wake kunatenga nthawi kuposa mmene ndinkaganizira. Kale zigawo zitatu zoyambirira za MAC zinkakuuza kampani imene inapanga chinthucho. Koma kuyambira pa Android 10 mu 2019 ndi iOS 14 mu 2020, mafoni amadzipekera MAC yongovala pa Wi-Fi iliyonse. Mumaizindikira poona chilembo chachiwiri: chikakhala 2, 6, A kapena E, ndi yopeka. Yathuyi inayamba ndi 7A. Zinandiuza kuti ndi foni, basi. Ndinalowa m'rauta, pa mndandanda wa DHCP, mbali ya rauta imene imagawira mafoni ndi makompyuta maadiresi a IP, n'kupeza 192.168.1.20 itaperekedwa ku foni, koma dzina linali la mtundu wa foni chabe, ndipo mafoni a mtundu umenewo m'sitolomo analimo anayi, kuphatikiza ya amalume.

Apa m'pamene kope lija linagwira ntchito. Nditawerenga masiku awiri a zolemba za mtsikanayo, mawu amodzi ankabwerezabwereza: kupakira, kuwerengera matumba, lisiti la katundu wotuluka. Nthawi zonsezo pali munthu mmodzi amene amalowa kuchokera kubwalo la kuseli atanyamula pepala kudzasainitsa pa kauntala: mnyamata wopakira feteleza. Kubwaloko Wi-Fi sifika. Akalowa, foni ili m'thumba la ovolosi inkalumikiza yokha. Akatuluka, inkaduka. Makasitomala akachuluka, maulendo ake olowa ankachulukanso. Amalume anaona bwino kuti seva imagwa sitolo ikadzaza, kungoti chifukwa chake sichinali kulemera kwa ntchito. Lamlungu mnyamatayo sabwera. Ndipo masiku atatu aja ndinkadzitama ndi nthambo yatsopano, iye anali ku maliro ku Katete.

Ndinamutsatira kubwalo osati pamaso pa amalume, chifukwa ndinkadziwa kumene nkhani ingathere.

"Achimwene, ndibwerekeniko foni yanu pang'ono."

Anapukuta manja pa ovolosi, nkhope itagwa. "Akulu, ine sindinakhudze kompyuta. Ngakhale kuyatsa sindidziwa."

"Simunalakwe kanthu. Tiyeni tilowe limodzi."

Titangodutsa chitseko cha kumbuyo ndinatsegula Wi-Fi pa foni yake, ndipo pa IP address panalembedwa 192.168.1.20. Tisanafike n'komwe pa kauntala, wolipiritsa wa pa kompyuta yoyamba anafuula kuti, "Yapitanso!" Ndinazimitsa Wi-Fi pa foniyo, tinadikira pang'ono, inabwerera. Ndinayatsa, inapita. Ndinachita katatu amalume akuonerera, pakamwa pali yasa.

Mlandu weniweni unali wanga. Mu 2022 ndinapatsa seva adiresi yokhazikika ya 20, makina osindikiza 30, ndi bokosi la makamera 40, kenako ndinauza rauta kuti manambala ogawira mafoni ndi alendo aziyambira pa 100. Ndinachita bwino, koma sindinalembe paliponse; zinali m'mutu mwanga. Kumapeto kwa October rauta ija inapsa, a intaneti anabweretsa ina, amalume sanaone chifukwa chondiuzira popeza intaneti inabwerera tsiku lomwelo. Rauta yatsopanoyo inkagawa kuyambira 2 mpaka 254, osadziwa kuti 20 ili ndi mwini.

Malaiti anamaliza ntchito yotsalayo. Chaka chimenecho madzi a ku Kariba anali atatsika chifukwa cha chilala, ndipo sitolo inkasinthasintha pakati pa malaiti ndi jenereta kangapo patsiku. Batire la UPS, bokosi losunga magetsi kuti seva isazime malaiti akathima, linali litafa kalekale, ndiye pa kusintha kulikonse seva inkazima n'kudikira munthu kuti akaiyatse. Rauta imadzuka yokha m'mphindi ziwiri. Tsiku lina pa mpata umenewo, seva ili chigonere, foni ya mnyamatayo inapempha adiresi, rauta inaona kuti 20 palibe akuyankha, n'kuipereka. Kuyambira pamenepo foniyo ikabwera inkapempha nambala yake yomweyo, rauta n'kumavomera.

Izi zinamasuliranso chinthu china chimene olipiritsa ankachinena koma ine osachilabadira: masiku ena seva inkayaka koma osapezeka n'komwe mpaka ataizimitsa n'kuyatsanso. Windows ikamayaka imayamba yafunsa ngati pali wina pa adiresi yake, ndipo ikamva yankho imaisiya n'kudzipatsa ina yoyamba ndi 169.254, imene palibe angaipeze. Mnyamatayo akakhala mkati pa nthawi yoyatsa, seva inkagonja. Pomwe ankaiyatsanso, iye anali atabwerera ku matumba ake, onse n'kumati kuzimitsa ndi kuyatsa ndiwo mankhwala.

Kukonza kwake sikunathe mphindi khumi. M'rauta ndinasintha kuti DHCP izigawa kuyambira 100 mpaka 200. Ndinaizimitsa n'kuiyatsa, n'kuuza foni ya mnyamatayo kuti iiwale Wi-Fi ndi kulumikizanso, inalandira 104. Ndinayang'ana ngati 30 ndi 40 sizinalandidwe, chifukwa nazonso zinali pa mzere womwewo. Mafoni onse ndinawasamutsira ku Wi-Fi ya alendo imene rauta ili nayo, yongopereka intaneti osaona makompyuta a sitolo, n'kusintha pasiwedi ya Wi-Fi yaikulu, imene ndinapeza kuti ankaidziwa ngakhale anyamata a njinga oima pakhomo. Mu BIOS ya seva, pamene pamatseguka Windows isanayambe, ndinasankha kuti magetsi akabwerera iziyaka yokha. Nthawi ino chilichonse ndinkachisintha pachokha, ndikuyesa ndi foni ija ndisanapite pa china, ndipo makope ndinawasiya kwa sabata ina yathunthu, mpaka Loweruka lodzaza anthu litadutsa opanda cholemba.

Pomaliza ndinatenga pepala ndi selotepu. Pamwamba pa rauta tsopano palembedwa kuti seva ndi 20, makina osindikiza ndi 30, makamera ndi 40, DHCP iyambire pa 100, ndipo wosintha rauta iyi ayambe waimba foni. Pepala lina lotero lili m'kabati ya ndalama.

Amalume kwa mtsikana uja sananene kuti pepa. Anangomuuza, maso ali pa malisiti, kuti kuyambira lero kope lija lizikhala kwa iye, ndipo makina akachita zachilendo azilemba ndiye. Mnyamata wopakira kwa masiku angapo ankasiya foni pa njerwa kubwalo asanalowe, ngakhale ndinamuuza kawiri kuti zinatha. Za batire la UPS ndawakumbutsa amalume kanayi. Akuti tidikire May, alimi akayamba kugulitsa soya.